Waya wa Adada Bizwick

"Chotsa chingwe chakocho pakhomo pano, iwe NyaDedza. Pano si pomangirira mbuzi."

Tryness ananena ali chiimire pakati pa bwalo, musi uli m'manja. Dorica, mkazi wa mlamu wake, anali atagwada akumanga khonje pa chichiri cha nsungwi. Sanadzuke. Anangoyankha ndi Chichewa chake cha ku Dedza kuti chingwecho sichinali cha mbuzi, chinali cha adada.

"Ndiye adada asanduka mbuzi?"

"Akulu, musandisemere chinyau. Adada andiuza okha kuti atopa n'kudikira munthu akafuna kupita kuseri. Kwathu ndinaona akhungu akulondola chingwe mpaka kumunda. Ndangoti tiyese."

"Kwanu. Chilichonse kwanu. Miyezi itatu pa Nchenachena pano, Chitumbuka chako ndi yewo yekha, kunena zikomo basi, koma wadziwa kale zimene adada atopa nazo."

Adada Bizwick Msiska, apongozi a onse awiri, anali pakhonde pawo, khutu atalozetsa kubwalo. Maso awo anazima zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Luka, mwana wawo wamkulu, mwamuna wa Tryness, ankalawirira kumunda wa khofi. Alufeyo, wamng'ono, anali ku Dedza kocheka matabwa, komwe anakapeza Dorica. Ntchito yonse inagwera Tryness. Koma kuno mkamwana sakhudza apongozi ake aamuna, ngakhale chala. Ndiye panali ndodo. Iye ankagwira nsonga yakutsogolo, iwo yakumbuyo, n'kumatsogozana. Kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi anali mapazi makumi anayi ndi awiri. Akafika, Tryness ankatembenukira ku nthochi n'kudikira. Mvula, chisanu, mimba yake yomwe anabadwira mwana wake Ida, zonse anaziyenda ndi ndodoyo. Ndipo adada sankamutchula dzina. Ankamutcha maso ghane, ndiye kuti maso anga.

"Mulekeni ayese, maso ghane," anatero adada. "Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kakuthwa n'komwe kamatema, adada," anayankha Tryness atagwada, monga ankachitira polankhula nawo. Atadzuka anabwerera pamtondo, nasinja chinangwa ngati chamulakwira.

Chingwe chija sichinakhale masiku anayi. Mvula itagwa chinalendewera mpaka pansi, ndipo mbuzi ya Luka inachitafuna pakati. Tryness anaseka mpaka misozi. M'mawa mwake anatenga ndodo n'kukaima pakhonde la adada msana uli njo. Anauza Dorica kuti atole khonje wakeyo akalukire nkhata.

Koma mkazi wa ku Dedza uja anali wamakani. Anatuma Alufeyo kukamasula waya wakale pa mathandala oyanikira khofi amene anali ataola kuseri kwa nkhokwe. Anazika mizati ya bulugama m'malo mwa nsungwi. Waya anawacheka adada pachikhatho tsiku loyamba lomwe, Tryness n'kusekanso. Alufeyo anapinda chitsulo cha buleki ya njinga kukhala ngowe, chogwirira chake anachikulunga ndi mphira, kuti adada azingokoleka pa waya n'kumakoka. Ngowe inkakodwa pa mzati uliwonse. Anazula misomali, n'kuikhoma m'mbali mwa mizati kuti ngowe izidutsa. Adada anayenda, koma anapitirira chimbudzi n'kukagunda khola la nkhunda. Apo Dorica anapita kusitolo kukatola zitsekerero za mabotolo, anaziboola ndi msomali, anazitunga m'timagulu, Alufeyo n'kuzimanga pa waya ndi pulayala. Ngowe ikazigunda zinkalira. Kagulu kamodzi, chimbudzi. Tiwiri, bafa. Titatu tinali kumunsi, pamene waya ankaoloka ngalande ya madzi ochokera kuphiri. Titatuto tinkatanthauza kuti imani, funani thabwa loolokera ndi phazi. Kutsidya kwake kunali khofi wa adada, amene anali asanamukhudze chizimireni maso.

Lolemba lina Tryness anafika pakhonde ndi ndodo, napeza mphasa yokha. Anamva zitsekerero zikulira kumunsi. Atasuzumira anaona adada akuoloka thabwa okha, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anafika m'munda, anagwada, n'kuyamba kupapasa nthambi za khofi, akuzilankhula ngati ana. Tryness anaima ndi ndodo yake mpaka phala linapserera.

Nkhani inamveka mapiri onse. Lamulungu anthu potuluka m'tchalitchi anakhotera kwa a Msiska kudzaona waya. Akuluampingo anatsinzina n'kuyesa kuyenda ndi ngowe, akuseka. Amayi Lois, apampando a amayi a chipani m'deralo, anapempha Dorica kuti akamangire amayi awo waya wotere. Kenaka anatembenukira kwa Tryness.

"Ndiye iwe NyaHarawa wamasuka. Zaka zonsezi timakusiya poti umasunga adada. Lachinayi tikuone kusukulu kokonzekera magule. Nsalu ya chipani uli nayo, eti?"

Tryness anavomera ndi mutu. Sizinali zimenezo zomwe zinamubaya. Chinamubaya chinadza anthu akubalalika, adada atakhala pampando pakati pa alendo. Wina anafunsa kuti nzeru imeneyi inachokera kwa yani.

"Kwa uyu," anatero adada. "Ali kuti NyaPhiri? Bwera kuno, maso ghane."

Dorica, mwana wa a Phiri, anagwada chapatali akumwetulira. Mwina sanadziwe n'komwe kulemera kwa mawuwo. Tryness anawadziwa. Analowa m'khitchini n'kukhala pansi osayatsa moto.

Luka atabwera madzulo, dzuwa lisanalowe, anamupeza momwemo. Tryness sanadikire kuti akhale.

"Bambo a Ida, mwamva zimene anena adada anu? Zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinabala Ida Lachiwiri, Lachisanu ndinali nditagwira ndodo, chifukwa inu munati mwamuna sangamatsogolere bambo ake kuchimbudzi anthu akuona. Mng'ono wanu anali kuti? Ankadya mbatata ku Dedza. Lero wabwera ndi mkazi wotola zinyalala kusitolo, ndiye maso asamukira kwa iye."

Luka anati sakumvetsa. Anamukumbutsa kuti ndi iye yemwe ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti ndodo ikumupsereza ndiwo, ikumulepheretsa kupita kumsika wa Lachiweru, ikumuthyola msana. Tsopano wapuma, akudandaulanso chiyani?

"Kudandaulako kunali kwanga. Msana ndi wanga. Ndinapempha munthu kuti andilande?"

"Walira mvula walira matope, mayi a Ida."

"Ine sindinalire mvula. Mvula yabwera pa basi kuchokera ku Dedza."

Luka anaseka, n'kutuluka kukaona mbuzi. Kuseka kumeneko n'kumene kunatsiriza zonse.

Lachinayi amayi onse anamanga nsalu za chipani kupita kusukulu. Dorica anamuitana, Tryness anayankhira m'nyumba kuti msana wamugwira, akauze amayi Lois. Amuna anali atasenza matumba kupita kumakina opunthira khofi. Pakhomo panatsala iye ndi adada.

Anatsetserekera kungalande. Maganizo ake anali afupi, ndipo kwa iye anali omveka. Iye ankawerenga mapazi. Kuchokera pabafa kufika pathabwa anali makumi atatu ndi asanu. Ankadziwa kuti adada nawonso amawerenga, poti zaka zonse zija ankawamva akunong'ona kumbuyo kwa ndodo. Akafika pa makumi atatu ndi asanu osamva kulira, adzaima. Adzasokonezeka. Adzaitana. Ndipo pakhomo padzakhala munthu mmodzi yekha woyankha. Iye adzabwera ndi ndodo, osanena kanthu, n'kuwaolotsa. Basi. Waya azidziwika kuti ndi waya.

Anamasula timagulu titatu tija ndi nsonga ya mpeni, anatimanga pa ngodya ya nsalu yake, n'kukabisala pa nthochi ndi ndodo yake.

Sipanatenge nthawi. Kagulu kamodzi kanalira. Tiwiri tinalira. Adada anatulukira, ngowe m'manja, mutu uli m'mwamba, akuimba. Tryness anayamba kuwerenga. Makumi awiri. Makumi atatu. Apo n'pamene anaona milomo yawo. Inali pa nyimbo. Munthu woimba sawerenga. Adada anali atasiya kuwerenga tsiku limene waya anayamba kulira.

Anatsegula pakamwa, koma phazi linali litapita kale. Linaponda pambali pa thabwa. Ngowe inapulumuka, adada anagwera m'ngalande cham'mbali, mutu n'kumenya mwala.

Tryness sanadziwe kuti wafika bwanji m'madzimo. Ndodo inatsala pa nthochi. Anawagwira m'khwapa, anawakoka, anawabereka kumsana ngati mwana, magazi a pachipumi chawo akumutsikira m'khosi. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anakwera nawo chitunda chonse mpaka pakhonde, ndipo phazi lililonse limene ankaponda, pa ngodya ya nsalu pankalira. Anayesa kupanikiza ndi chigongono. Pankalirabe.

Atawagoneka pamphasa, adada anapuma nthawi yaitali. Kenaka anati, "Yewo, NyaHarawa."

Adokotala a kumishoni anasoka chipumi, namanga bondo, nati agone milungu iwiri osaponda pansi. Tryness anawatenganso adada onse athunthu. Phala ankaphika ndi iye, madzi osamba ndi iye, chitini cha usiku ankakataya ndi iye. Dorica akabwera ndi mbale, Luka ankamubweza pakhomo. Zimene Tryness ankafuna zinali m'manja mwake, koma sizinamukomere. Adada ankalandira chilichonse ndi yewo. Dzina lija silinabwerere. Zitsekerero anazikwirira m'nkhokwe ya mawere, koma akamatapa mawere ankazimva.

Lachiweru lachiwiri banja linakhala pansi pakhonde la adada, dzuwa lili pamutu. Luka ndi amene anayamba, ndipo anayamba ndi moto. Anati waya azulidwe lero lomwe. Anati anthu kumsika akunena kuti ana a Msiska amangirira bambo awo pa waya ngati galu, ndipo ena akufunsa ngati mkazi wachilendoyu sakufuna munda wa khofi. Alufeyo anati zitsekerero sizimasuka zokha, anazimanga ndi pulayala iye mwini, mwina ndi ana a sukulu. Luka anati ana a sukulu anali kumagule tsiku limenelo, onse. Ndiye kuti ntchitoyo inali yosalimba kuyambira pachiyambi.

Dorica anali atagwada kumapeto kwa khonde, maso atatupa. Ananena motsitsa kuti ngati afuna, iye abwerera kwawo, katundu wamanga kale. Anangopempha kuti asamutche wakupha, chifukwa dzina limenelo likafika ku Dedza iye asanafike.

"Palinso nkhani ina," anatero Luka. "Mkazi wanga anakhudza adada. Sanafune, koma mwambo ndi mwambo. Nkhuku yoyera ndagwira kale, ili m'dengu umo, kuti apepese."

Tryness anayang'ana pansi. Zonse zinkayenda bwino chomene. Waya azulidwa, NyaDedza akwera basi, iye alipira nkhuku imodzi n'kutsala ndi ndodo yake. Pamsika akanati wagula ng'ombe pa mtengo wa mbuzi.

Adada anakhosomola.

"Nkhukuyo ibwerere m'khola. Dzanja limene linanditola m'madzi silipepesa. Amene anakhazika mwambo umenewu sananene kuti mkamwana aziyang'ana apongozi ake akumira."

Anasisita bondo.

"Luka, iwe ukuti waya wandichititsa manyazi. Zaka zisanu ndi chimodzi ine ndimagwira mimba kudikira kuti mwana wa eni amalize kuyamwitsa. Ndinaleka kumwa tiyi wamadzulo kuopa kumuvutitsa. Iwe unali kuti kuti uone manyazi amenewo? Milungu iwiri yokha ndadzuka nthawi imene ndafuna, ndagwira khofi wanga, ndapeza kuti mwamudulira ngati akhungu ndinu. Ndiye ukuti uzule."

Luka anafuna kuyankha, adada anakweza dzanja.

"Za zitsekerero musavutike kufufuza. Sizinatayike. Munthu wakhungu amaona ndi khutu. Tsiku lija zinandiperekeza kuchokera kungalande mpaka pakhonde pano. Zinkalira pansi panga phazi lililonse. Ine sinditchula munthu. Mlandu suola. Ndikhoza kudikira, kudikira ndinazolowera."

Alufeyo anayang'ana Luka. Luka anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wake. Tryness anaganiza zokana. Mawu a wakhungu, ndani angawagwire? Koma anaona kathumba ka Dorica katatsamira pamzati, komangidwa ndi khonje yemwe uja iye anamuseka. Anadzuka osapempha, anapita kunkhokwe, anabwera n'kuponya timagulu titatu pamphasa. Tinalira.

"Ndine. Musayang'anane. Ndinamasula ndine."

Luka anagwira kumutu. Tryness sanamuyang'ane. Anagwada kuloza kwa adada, ndipo mawu anatuluka osasankha.

"Sindinafune kuti mugwe, adada. Mulungu akundiona. Ndimati muwerenga mapazi, muima, muitana. Ndimangofuna muitane. Zaka zonsezi ine ndinalibe china pamudzi pano. Sukulu ndinalekera sitandade yoyamba. Kuimba sinditha, kuluka sinditha. Koma ndikadutsa kuchigayo anthu ankati uyo ndi maso a Msiska. Ndiye dzina limenelo mwalipereka kwa munthu wa miyezi itatu, pamaso pa mpingo wonse, chifukwa cha zitsekerero za mabotolo. Mukanandimenya ndi ndodoyo bola."

"Akulu," anatero Dorica, "ine sindinadziwe kuti dzinalo ndi lanu."

"Ukanafunsa. Safunsa anadya phula."

"Phulalo wadya ndani apa?" anatero Alufeyo. Adada anamuletsa.

Ananena kuti pa dzinalo analakwa ndi iwo, ndipo anapepesa. Lilime la nkhalamba limaterereka likakondwa. Anati palibe waya amene akanachita zimene NyaHarawa anachita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe waya amene akanalumphira m'ngalande. Tryness anadzutsa mutu. Anaona ngati msika watsegukanso.

"Ndiye tipangane, adada. Waya akhale wa kuchimbudzi ndi kubafa. Kumunda ndizikuperekezani ine ndi ndodo."

"Iyayi."

"Kutchalitchi kokha, Lamulungu."

"Kutchalitchi andiperekeza Luka. Yakwana nthawi yoti anthu amuone."

"Kamodzi pamwezi, adada."

"NyaHarawa, pano si pamsika wa nyemba." Mawu awo sanakwere. "Iwe unafuna kuti ndikhale wakhungu kawiri, kuti iwe ukhale maso. Ndakukhululukira kugwa kwanga. Koma kumbuyo kwa ndodo yako sindidzayendanso, chifukwa ndizidzangoganiza kuti ukukondwa kuti sindiona. Dzanja limene linamasula ndi limene likamange. Ndodoyo utenge, ndi yako. Ukapachike kukhitchini."

Tryness anatola zitsekerero. Anatsetsereka yekha, koma atafika pangalande anapeza kuti waya wake ndi wolimba, zala sizingamupinde. Anamva mapazi kumbuyo. Dorica anaima patali pang'ono atanyamula pulayala. Tryness anatambasula dzanja, Dorica anamupatsa, n'kumusonyeza ndi chala pamene timagulu tinali. Tryness anati pamenepo n'pafupi kwambiri ndi thabwa, munthu woimba amafuna mapazi atatu kuti aime, osati limodzi. Anatimanga cham'mbuyo. Dorica anayeza ndi mapazi ake, navomera.

Kathumba kaja kanamasulidwa. Mwezi usanathe, makomo anayi a ku Nchenachena anali ndi waya, ndipo amayi ake a Lois ankapita okha kukhola la nkhuku zawo. Dorica akamakamanga ankanena kuti zitsekerero zochenjeza zizikhala mapazi atatu chisanafike choopsa, ndipo ankati nzeru imeneyo ndi ya akulu ake. Tryness atamva anati asamutchule pa zinthu za zinyalala. Lachinayi lililonse ankamanga nsalu ya chipani n'kukavina kumzere wakumbuyo, mapazi akusemphana ndi ng'oma.

Bondo litapola, adada anatenganso ngowe yawo. Waya ankadutsa kuseri kwa khitchini ya Tryness. M'mawa uliwonse iye ankamva kagulu kamodzi, kenaka tiwiri, kenaka mapazi akuyandikira.

"Mwawuka uli, NyaHarawa?"

"Tawuka makora, adada. Yewo."

Ankapitirira akuimba. Ndodo inali padenga la khitchini, ikuda ndi mwaye. Tryness ankasiya chimene wagwira, n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Makumi awiri. Makumi atatu. Makumi atatu ndi awiri. Titatu tikalira kumunsi, n'pamene ankabwerera kukavundula phala.